MAU A PA KHONDE: ZA KUKWERA SAPITWA NDI MUNTHU WOTSOGOLERA NJIRA



Mvula ikatha, mwera nuyamba kuomba, ndiyo nyengo imene ana athu a ku sekondale ndi a m'magulu a achinyamata amayamba kunong'onezana za maulendo. Kale ulendo wa mwana wa kuno unali wa ku Salima, wa ku Nkhotakota, kapena wa ku Lilongwe kwa achibale. Masiku ano mumva ena ali kunena kuti, "Tifuna kukakwera phiri la Mulanje, tikafike pa Sapitwa." Tsono mnyamata kapena mtsikana afika madzulo, nagwada, napempha chilolezo ndi ndalama ya pa njira. Makolo ena akana msanga, pakuti adamva kuti phiri lija limameza anthu. Ena alola msanga, pakuti ayesa kuti phiri ndi chulu chachikulu chabe. Ife tiona kuti onsewa ayankha asanadziwe chimene afunsidwa. Chifukwa chache mwezi uno tifuna kukufotokozerani ulendo umenewu monga uli, kuti polola kapena pokana muchite ndi nzeru. Ndipo mau athu akulu ndi awa: mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, mlekeni apite, koma apite ndi wotsogolera wa kuphiri komweko, ndipo wotsogolerayo akati "tibwerere," abwerere ndithu, ngakhale nsonga ioneke pafupi ngati khomo la mnansi.

PHIRI LENILENILO

Ife a kuno tikhala pansi kwambiri. Anthu amayesa kutalika kwa mapiri kuyambira pa madzi a nyanja yaikulu ya mchere, ndipo pa muyeso umenewo madzi a nyanja yathu ali pa mamita osakwana 500. Tikayang'ana kumadzulo tiona mapiri a ku Ntchisi, ndipo timati ndi atali, koma safika ngakhale mamita 2,000. Sapitwa, nsonga yaikulu ya Mulanje, iri pa mamita 3,002. Palibe nsonga ina yoiposa m'Malawi muno, ngakhale ku Zambia, ku Zimbabwe kapena ku Mozambique.

Musayese kuti Mulanje ndi phiri limodzi losongoka, iai. Ndi dziko lathunthu lokwezeka pamwamba pa minda ya tiyi, makilomita ngati 26 m'litali ndi 22 m'lifupi. Munthu akakwera zipupa zache apeza pamwambapo madambo a udzu, mitsinje ya madzi ozizira ndi nkhalango za m'zigwa, ndipo m'madambomo mutuluka nsonga za miyala pafupifupi 20 zopitirira mamita 2,500. Boma lidaika phirili kukhala nkhalango yotetezedwa m'chaka cha 1927, ndipo mu Julai 2025 bungwe la UNESCO lidalilemba pakati pa malo olemekezeka a dziko lonse lapansi, makamaka chifukwa cha ulemu umene Amang'anja, Alomwe ndi Ayao alipatsa kuyambira kale.

Dzina lija la Sapitwa litanthauza malo osapitidwa. Akulu a kumeneko ali ndi nkhani zambiri za mizimu ndi za anthu amene adakwera osabwerako. Ife sitikhala pano kuweruza nkhanizo. Tingoti, anthu amene adakhala patsinde pa phiri mibadwo yambiri, naona nkhungu zache ndi madzi ache, sadaichule nsongayo dzina lotere popanda chifukwa.

M'MENE ULENDO UYENDERA

Wochoka kuno akwera galimoto pa mseu wa M5 kudzera ku Salima ndi ku Balaka, nafika ku Blantyre, nasintha kupita ku Mulanje. Ndi ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo munthu wanzeru ayamba wagona patsinde pa phiri asanakwere. Ambiri ayambira ku Likhubula, kumene kuli ofesi ya zankhalango. Kumeneko mlendo alembetsa dzina, alipira zolowera ndi zogonera, ndipo apeza wotsogolera, amene anthu a kumeneko amchula gaidi, pamodzi ndi onyamula katundu.

Tsiku loyamba ndi la chitunda chokhachokha. Pali njira ya Skyline, yoongoka ndi yowawa m'mabondo, ndi njira ya Chapaluka, yodzera ku mathithi a Dziwe la Nkhalamba. Zonse ziwiri zifikitsa munthu ku dambo la Chambe patapita maora atatu, anai kapena kuposa, monga mwa mphamvu za gulu. Pamwamba pa phiri pali nyumba zogonamo alendo, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chinzama, Sombani, Minunu, Madzeka ndi Chisepo. Pa nyumba iri yonse pakhala mlonda wothandiza ndi nkhuni ndi madzi, koma palibe sitolo, palibe chigayo, palibe chipatala. Ufa, ndiwo, mchere ndi shuga, zonse zichokera pansi pa msana wa munthu.

Tsiku lachiwiri gulu liyenda kuchoka ku Chambe kufika ku nyumba ya Chisepo, imene iri patsinde penipeni pa Sapitwa, pa mamita ngati 2,200. Tsiku lachitatu ndilo la nsonga. Anthu alawira m'mamawa, asiya katundu wolemera kunyumba, nayamba kukwera pa matanthwe otsetsereka. Apa njira yopondeka itha. Pena munthu ayenda chokwawa ndi manja ndi miyendo, pena alowa pansi pa miyala yaikulu ngati nyumba, pena adumpha ming'alu yakuya. Kupita ndi kubwera kumatha maora asanu ndi limodzi, asanu ndi atatu, ngakhale kuposa. Tsiku lachinai ndi lotsikira. Wokuuzani kuti gulu la ana asukulu likakwera Sapitwa ndi kutsika tsiku lomwelo kuti lisalipire zogonera, ameneyo afuna kupulumutsa ndalama pogulitsa miyoyo.

CHIMENE PHIRI LICHITA NDI THUPI LA MUNTHU WA KUNYANJA

Choyamba ndi kuzizira. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kwa mpweya kutsika ndi madigiri 6 kapena 7. Kuchoka kuno kufika pa Sapitwa akwera mamita ngati 2,500, kotero kuti kumeneko kuzizira ndi madigiri pafupifupi 16 kuposa kuno. Tsiku limene ife tiri kuyanika usipa dzuwa liri bwino pa madigiri 24, iwo ali pa madigiri 8, mphepo isanaonjezepo zache. M'miyezi ya Juni ndi Julai chisanu chigwa m'madambo a pamwamba, ndipo m'mamawa udzu uyera ngati authira ufa. Mwana wobadwira kuno, amene bulangete limodzi limkwanira chaka chonse, sanaonepo zotere.

Chachiwiri ndi chiperoni, nkhungu ya mvula yowaza yochokera kum'mwera cha kum'mawa, imene idatenga dzina ku phiri la Chiperone la ku Mozambique. Imabwera m'miyezi yozizira, nthawi yomweyo imene mwera uvutitsa asodzi athu, ndipo itha kukhala masiku awiri kapena atatu osachoka. Ikatsika, munthu saona mnzache ali mapazi khumi patsogolo, ndipo matanthwe aterera ngati sopo. Zovala zikanyowa ndi mphepo iri kuomba, thupi litaya moto wache msanga. Kutentha kwa m'thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, munthu anjenjemera, apunthwa, alankhula ngati woledzera, ndipo nzeru zisokonekera, kotero kuti iye mwini sadziwa kuti ali pa ngozi. Mankhwala ache ndi kumbisa ku mphepo, kumvula zonyowa, kumfunditsa zouma ndi kummwetsa tiyi wotentha wa shuga ngati ali maso. Kachasu kapena mowa uli wonse musampatse, pakuti umnyenga kuti watenthedwa pamene uli kutulutsa moto wotsalawo.

Chachitatu ndi kuchepa kwa mpweya. Pa mamita 3,000 munthu akapuma kamodzi alandira magawo 7 okha mwa magawo 10 a mpweya umene akadalandira m'mbali mwa nyanja ya mchere. Chifukwa chache ngakhale mnyamata wopalasa bwato usiku wonse apuma wefuwefu pa kachitunda kakang'ono. Kuyambira pa mamita 2,500 ena amva mutu, nseru ndi chizungulire. Ku Mulanje matendawa sakula kawirikawiri, pakuti anthu agona m'munsi. Koma kwa ife a kunyanja pali msampha wina, wakuti zizindikiro zimenezi zifanana ndi za malungo. Wodwala kapena wongochira kumene asakwere, ndipo amene thupi liri kumkayikitsa akayezetse magazi asananyamuke. Wa matenda a mtima, wa mphumu yovuta ndi mai woyembekezera ayambe afunsa kuchipatala. Ndipo munthu akadwala ali pamwamba, kaya ndi mpweya kaya ndi malungo, njira ndi imodzi, ndiyo yotsika.

Amai ophika adziwenso ichi: pamwamba madzi awira asanatenthe kwenikweni, pa madigiri ngati 93 ku Chisepo, m'malo mwa 100. Nyemba zouma zitha nkhuni za mlonda zisanapse. Mpatseni mwana usipa wouma, mtedza wokazinga, mbatata ndi ufa, zimene sizichedwa pa moto.

WOTSOGOLERA NDIYE SIGINALA WA KUPHIRI

Ife a kunyanja sitiyenera kuvutika kumvetsa nchito ya wotsogolera, pakuti tiri nayo pa madzi. Usiku wa usipa, siginala ndiye akhala ndi nyali, ndiye aona pamene nsomba zasonkhana, ndiye anena nthawi yoponya chilimira ndi yokoka. Ndipo msodzi wamkulu akayang'ana mitambo nati, "Lero mwera ukula, mabwato akhale pa gombe," palibe mlendo wa ku Lilongwe amene angamtsutse chifukwa ali ndi satifiketi. Ameneyo tingamseke tonse. Tsono ife tikafika ku Likhubula, mlendo wa ku Lilongwe uja ndife.

Wotsogolera adakulira patsinde pa phiri, ndipo ambiri a iwo adayamba ngati onyamula katundu. Adziwa mtsinje umene udzala msanga ndi umene uchedwa. Adziwa phanga lobisalamo mvula. Njira ya ku Sapitwa iri ndi zizindikiro za utoto pa miyala ndi timiyala tounjika, koma m'nkhungu mlendo saziona, ndipo akaphonya chimodzi alowa m'chigwa china chimene chithera pa phompho. Wotsogolera aiyenda njirayo ndi mapazi ozolowera. Ayang'ananso dzuwa, pakuti m'miyezi yozizira lilowa isanakwane 6 koloko, ndipo kutsika matanthwe aja mumdima ndiko kuitana maliro.

Zimenezi sitinena poopseza chabe. M'chaka cha 1949 mzungu wa zankhalango, Fred France, amene nyumba yache ikali kuchulidwa dzina lache ku Chambe, adakokoloka ndi mtsinje wodzala pamwamba pa phompho la Ruo mvula ya chiperoni iri kugwa, ngakhale anali munthu wokhala paphiri pomwepo. Laurens van der Post, amene anali naye pa ulendowo, adalemba za imfayo m'buku lache la Venture to the Interior. Mu 2003 mtsikana wa ku Netherlands adakwera ku Sapitwa yekha, ndipo ngakhale anthu ambiri adamfunafuna sadampeze. Mu Julai 2009 mnyamata wa ku Brazil, Gabriel Buchmann, wophunzira kwambiri ndi wozolowera maulendo, adasiya wotsogolera wache m'munsi napitirira yekha ku nsonga. Nyengo idasintha, iye nasokera, ndipo thupi lache lidapezeka mu Ogasiti patapita masiku 19. Chidamupha ndi kuzizira. Mu 2017 mnzache wina adakonza kanema wa ulendo wache wotsirizawo. Sitiwachula anthuwa powanyoza, iai. Anali ana a eni ache, olimba mtima, ndipo makolo ao adalira monga tingalire ife. Tiwachula kuti ana athu amve kuti ali awiri ndi anthu, kali kokha nkanyama.

PAMENE KUMVERA KUWAWA

Kulemba wotsogolera nkosavuta. Chovuta ndi kummvera pa ora limodzi lokha la ulendo wonse. Taganizani: gulu lasonkha ndalama miyezi isanu, layenda kuchoka ku Benga, lakwera masiku awiri, ndipo tsopano nsonga iri apo, ora limodzi basi. Anzao kumudzi ali kudikira chithunzi pa Facebook. Pomwepo wotsogolera ayang'ana kum'mwera, naona kamtambo kamene enawo sakaona ngati kanthu, nati, "Tibwerere." Apa ndipo mtima wa mnyamata uuma, nanena kuti, "Talipira ndife, mutifikitse."

Mau amenewa ndi olakwa kuyambira pa muzu. Ndalama ija simudagule nayo nsonga, pakuti nsonga si ya wotsogolera kuti akugulitseni. Mudagula maso ache ndi nzeru zache, ndipo mau oti "tibwerere" ndiwo katundu weniweni amene mudalipira. Kukana mauwo kuli ngati kugula ukonde ndi kuusiya pa mchenga.

Ndipo pali china chimene akulu otsogolera magulu ayenera kuchisamala. Wotsogolera ndi munthu wa banja monga ife, wodya za nchito ya tsikulo. Gulu likamkakamiza, likamuopseza kuti silimlipira kapena likamneneza ku ofesi, iye atha kugonja napitirira mtima uli kukana. Pamenepo mwamchotsa nzeru zimene mudamlembera, ndipo mwaika moyo wache pa ngozi pamodzi ndi wanu. Chifukwa chache mkulu wa gulu anene poyera ku Likhubula komweko, onse ali kumva, kuti malipiro ndi athunthu kaya afika pa nsonga kaya safika, ndi kuti mau otsiriza paphiri ndi a wotsogolera. Apanganenso ora lobwerera asananyamuke ku Chisepo, kuti ora limenelo likakwana onse atembenuke pamene ali, popanda mlandu.

KWINA NAKO NDI MOMWEMO

Wina angayese kuti kutsata wotsogolera ndi kwa anthu amantha. Taonani a kwina. Phiri lalitali kopambana mu Afrika ndi Kilimanjaro, la ku Tanzania, mamita 5,895, limene Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller adafika pa nsonga pache mu 1889. Lamulo la kumeneko sililola munthu kukwera wopanda wotsogolera wovomerezeka, kaya akhale katswiri wotani. Ulendo utenga masiku 5 kufikira 9, ndipo otsogolera aletsa alendo kufulumira, pakuti pa nsongayo mpweya uli ngati theka la wa pansi, ndipo thupi lifuna masiku kuti lizolowere. Amene athamanga tsiku loyamba ndiwo atsitsidwa pa machira tsiku lachitatu.

Phiri loposa onse pa dziko ndi Everest, mamita 8,849, m'malire a Nepal ndi China. Pa 29 Meyi 1953 adafika pamwamba pache anthu awiri omangana chingwe chimodzi: Edmund Hillary wa ku New Zealand ndi Tenzing Norgay, wa mtundu wa Sherpa, amene adayamba nchito ya m'mapiri ngati wonyamula katundu.

Ndipo ife Akatolika tiri ndi chitsanzo cha m'nyumba mwathu. Papa Pius XI, amene adatsogolera Eklezia kuyambira 1922 kufikira 1939, akali wansembe wachinyamata dzina lache Achille Ratti anali wokwera mapiri wodziwika. Mu 1889 adakwera Monte Rosa, phiri la chipale la mamita 4,634 m'malire a Italy ndi Switzerland, nachezera usiku wonse pa thanthwe pafupi ndi nsonga. Munthu wa mabuku ambiri chotere sadapite yekha. Adatsata wotsogolera wa kumapiriko, dzina lache Gadin. Atakhala Papa, mu 1923, adaika Bernardo Woyera wa ku Menthon kukhala nkhoswe ya okwera mapiri, ndiye uja adamanga nyumba yopulumutsiramo apaulendo pa mpata wozizira wa mapiri a Alps.

ULEMU KWA ONYAMULA KATUNDU

Makolo athu a kuno adadziwa kuwawa kwa mtengatenga, pamene ankasenza katundu wa eni ache mitunda yaitali. Tsono mwana wa kuno asakafike ku Mulanje ndi kukhala bwana wa tsiku limodzi. Onyamula katundu a kumeneko ndi anthu a mphamvu zodabwitsa. Pali mpikisano wochedwa Porters Race, umene udayamba ngati wa iwo okha, wothamanga makilomita oposa 20 kukwera phiri kuchokera ku Likhubula ndi kutsikanso, ndipo opambana atsiriza m'maora awiri ndi mphindi zina njira imene mlendo ayenda masiku awiri. Koma mphamvu si chifukwa chowasenzetsa mopitirira. Ku Kilimanjaro lamulo liika malire a makilogalamu 20 a katundu wa mlendo pa munthu mmodzi, ndipo ife tisapitirire pamenepo ngakhale palibe sikelo.

Panganani malipiro musanayambe, monga mwa mitengo ya ku ofesi, ndipo musanenerere ngati muli kugula chambo pa gombe. Funsani za chakudya chao ndi zofunda zao, pakuti chisanu sichisankha. Itanani wamkulu kuti bambo kapena achimwene, ndipo nsima ikapsa mudyere pamodzi.

Ulemu womwewo ukhale kwa phiri. Mtengo wa mkungudza wa Mulanje, umene umera mwachilengedwe paphiri lokhalo, ndipo ndiwo mtengo wa fuko lathu, udatha ndi macheka ndi moto, kotero kuti mu 2017 ofufuza adapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Tsopano anthu ali kubzala mbande zatsopano. Ana athu asayatse moto kunja kwa malo ophikira, ndipo mapepala ndi mabotolo atsike nao.

YAMBANI ZA PAFUPI

Miyendo yozolowera mchenga si yozolowera chitunda. Mwai wathu ndi wakuti sukulu ya mapiri tiri nayo pakhomo. Nkhalango ya phiri la Ntchisi iri ndi njira za maora ochepa pansi pa mitengo ikuluikulu, ndipo anthu a m'midzi ya kumeneko atsogolera alendo. M'nkhalango ya zinyama ya Nkhotakota muli phiri la Chipata. Nkhalangoyi idayamba kuyang'aniridwa ndi African Parks mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 adabweretsamo njobvu ngati 500 kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Mmenemo munthu sayenda pansi popanda msilikali wa zinyama. Gulu limene lifuna Sapitwa liyambe layesa maulendo otere, ndi katundu kumsana ndi nsapato zomwezo zimene lidzavale ku Mulanje. Pamenepo mudzadziwa amene atopa msanga, amene athamangira patsogolo, ndi amene samva zonena. Wosamva ku Ntchisi sadzamva ku Sapitwa, ndipo ndi bwino atsale.

MAFUNSO A KHOLO

Tsono mwana akagwada kupempha ulendowu, musamkalipire ndipo musamponyere ndalama. Itanani mkulu wa gululo akhale pa mkeka, mumfunse izi.

Choyamba, mupita mwezi uti? Nyengo yabwino ndi ya chilimwe, kuyambira Meyi kufikira Okutobala, pokumbukira kuti Juni ndi Julai ndi ya chisanu ndi chiperoni. M'dzinja kanani ndithu. Madzi ndi miyala zochokera m'mapiri a kumeneko zidapha anthu ambiri ku Phalombe mu Malichi 1991, ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023.

Chachiwiri, wotsogolera mumpeza kuti? Akhale wodziwika ku ofesi ya zankhalango, osati munthu wokumana naye pa depoti. Gulu likakula, otsogolera akhale awiri, wina patsogolo wina pambuyo.

Chachitatu, mukhala masiku angati? Osachepera anai paphiri, ndipo pakhale ufa ndi ndalama za tsiku lina lapadera, loti nkhungu ikatseka mukhale m'nyumba osadandaula.

Chachinai, mwana avala chiani? Nsapato zomanga zogwira mwala, zosakhala zatsopano. Juzi, jekete yosalowa mvula, chipewa, masokosi ouma, bulangete lokulunga m'pulasitiki, ndi tochi ya iye yekha. Mapatapata ndi a pa gombe.

Chachisanu, wina akadwala atsika naye ndani? Pakhale akulu awiri kapena kuposa, ndipo pa gulu la atsikana pakhale amai.

Chachisanu ndi chimodzi, ndani pansi adziwa njira yanu ndi tsiku lotsikira? Musadalire foni, pakuti m'zigwa zambiri siigwira, ndipo batire litha msanga m'chisanu.

Chachisanu ndi chiwiri, ndipo ndicho chachikulu: wotsogolera akati mubwerere, mudzachita chiani? Yankho likachedwa, kapena likayamba ndi "tidzaona," mwana wanu asapite ndi gulu limenelo. Safunsa adadya phula.

MAU OTSIRIZA

Tafotokoza zoopsa zambiri, koma sitifuna kuti mutseke ana m'nyumba. Anthu ambiri akwera Mulanje chaka ndi chaka nabwera bwino, ndipo alendo aoloka nyanja zamchere kudzaona chimene ife tiri nacho m'dziko mwathu. Nkoyenera kuti mwana wa ku Benga, amene adziwa dzuwa lotuluka m'madzi, akaonenso mitambo iri pansi pa mapazi ache, ndi nyanja ya Chilwa ndi mapiri a ku Mozambique ali patali. Adzabwera wodziwa kukula kwa dziko lache ndi kuchepa kwa iye mwini, ndipo zonse ziwiri ndi maphunziro abwino.

Koma inu atate ndi amai, pomtsazika mumuuze momveka kuti simumtuma kukatenga nsonga. Akabwera nanena kuti, "Tidatsala pang'ono, koma wotsogolera adatibweza," musamseke, ndipo musalole anzache amseke. Mphereni nkhuku monga mukadachitira akadafika, pakuti wachita chovuta koposa. Sapitwa sachoka, adzampeza chaka china.

Bernardo Woyera awasunge onse a pa ulendo, a kuphiri ndi a pa madzi. Werengani mauwa pamodzi ndi ana madzulo, ndipo amene sadziwa kuwerenga muwawerengere. Tsalani ndi mtendere kufikira mwezi wa mawa.